Mmene Yotamu Anatsazikira Umphawi

Mwambi umene mumve pamapeto pa nkhaniyi, ana inu, sunagwe kumwamba ngati matalala ayi. Chiyambi chake n'chotere. Manja asaime, pitirizani kusoka fodyayo, makutu okha ndiwo abwere kuno. Ndipo iwe wayamba kale kuseka kumapetoko, khala bwino, mwina nkhaniyi ikukunena.

M'mudzi mwa Chimbalu, kuseri kwa Mponela uko, munali mkamwini wina dzina lake Yotamu. Sanali munthu woipa, ayi ndithu. Pamaliro ankakumba nawo manda, ndipo tsiku likamukomera khasu ankaligwira ngati mwamuna. Koma Namalenga anamupatsa pakamwa papakulu ndi timakutu tating'ono. Munthu akayamba kulankhula, Yotamu ankamva mawu oyamba okha, otsalawo ankamalizitsa yekha m'mutu mwake momwe afunira.

Ankakondanso fodya wapamphuno. Anali ndi nthekwe yake, kachigubu kosungira fodya, kamene kanachita kusalala ndi thukuta la m'manja. Tsono vuto linali ili: akatsina fodya ndi zala ziwiri, m'malo mokoka msanga, nkhani inkamufika pakamwa. Dzanja m'mwamba, kuloza uku, kuloza uko, ndipo pamene akulifikitsa pamphuno, zala zili mbee, fodya wapita. Mkazi wake, Nangondo, anachita kutopa ndi kunena kuti, "Bambo a Fanesi, kokani kaye fodyayo, nkhaniyo sithawa."

Banjali silinali lolemera, koma njala inkalambalala khomo lawo. Anali ndi timbuzi tingapo. Kuseri kwa nyumba kunali mulu wa manyowa, zitosi za mbuzizo, mapesi ndi phulusa, umene Nangondo ankauthira madzi ndi kuutembenuza chilimwe chonse. Ndipo kudenga la khitchini, pamwamba pa mafuwa, kunkalendewera mitolo ya chimanga cha mbewu, chakuda bii ndi mwaye kuti anankafumbwe asachiyandikire. Chinali chimanga cha makolo, mbewu imene Nangondo anapatsidwa ndi malemu amayi ake polowa m'banja. Chaka ndi chaka, manyowa aja ndi mbewu ija ndizo zinkadzaza nkhokwe.

Chaka china, mphepo ya mu Ogasiti ikuwomba, kunabwera uthenga wakuti mwana wawo Fanesi, amene anakwatiwa ku Kasungu, watopa ndi pakati, masiku ake ali pafupi. Nangondo anamanga kampukutu kake kuti akamudikirire. Potuluka anati, "Mbuzi muzizitsekera, manyowa muzithira madzi. Mbewu yanga ili kudengayo musayikhudze."

"Pita bwino, Nangondo," anatero Yotamu. "Pano wasiya mwamuna."

Eee, anasiyadi mwamuna.

Sipanapite masiku, m'mudzimo munalowa njinga yamoto. Anakwerapo anali mayi Kambewa, wogwira ntchito ku banki ina ya m'tauni. Alimi onse a m'kalabu anasonkhana pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi tchalitchi, ndipo mayiwo anayamba kufotokoza.

"Banki yathu ikufuna kubwereketsa alimi feteleza ndi mbewu ya chimanga chamakono. Simulipira lero ayi. Mudzabweza mukakolola."

Yotamu anamva pomwepo basi. Anadzambatuka, kudumpha miyendo ya anthu, n'kulembetsa dzina lake poyambirira penipeni. Kenaka liwiro, ulendo wa kugolosale kukauza anzake a bawo kuti umphawi wamuthera. Fumbi lake lisanakhazikike, mayi Kambewa anapitiriza.

"Koma mumvetsetse, makolo anga. Kulembetsa dzina si kulandira. Feteleza wake ndi wochepa, amafuna kuthandizana ndi manyowa. Ndidzabweranso mu Okutobala kudzayendera minda. Amene ndidzamupeze atapanga mizere ndiponso ali ndi manyowa okwanira, ameneyo ndiye adzadinde chala. Wopanda zimenezi, pepani, banki siitaya mbewu pathanthwe."

Mwa anthu amene anamva mawu onsewa munali Sandalamu, mlongo wake wa Nangondo. Ameneyu anali munthu wolankhula pang'onopang'ono, ngati mawu amachita kugula. Analibe mbuzi, tsono manyowa analibenso, ndipo dzina lake analembetsa kumapeto, mongoyesa mwayi. Koma poti mlamu ndi mlamu, masana omwewo anapita kwa Yotamu kuti akamuuze zimene zinamupita.

Anamupeza kuseri kwa nyumba, ataima pafupi ndi mulu wa manyowa, akuyeza malo ndi mapazi, fodya ali pachala.

"Alamu," anayamba Sandalamu, "mwachoka msanga kumsonkhano kuja. Mayi aja ananenanso za manyowa. Anati..."

"Ndikudziwa, alamu, ndikudziwa! Anati manyowa ndi zachikale. Nanga munthu wa ku banki anganene chiyani china?"

"Ayi, alamu. Anati amene ali ndi manyowa..."

"Ndi wotsalira! Eya, mawu ake ndi amenewo. Onani kununkha kwake. Limeneli ndi fungo la umphawi, alamu, ndipo ine ndalinunkhiza mokwanira. Pamalo panopa ndimangapo nyumba ya feteleza. Ya malata, ya chitseko, ya loko. Matumba a ku banki sangagone ndi makoswe."

"Koma muluwu, alamu, mudza..."

"Mwaufuna? Ha, bwanji osangonena! Tengani wonse. Inu mulibe mbuzi, zoterezi zikukuyenerani. Ngolo yake ndilipira ndine, bola mawa ndisauone pano."

Sandalamu anafuna kuyesanso. Yotamu anali atatembenuka kale, akuloza pamene padzakhale chitseko, ndipo fodya uja anali atauluka. Sandalamu anayang'ana kumwamba nati chamumtima, Mulungu ndinu mboni, ndayesa. M'mawa mwake ngolo inayenda maulendo angapo, ndipo thukuta lonse la Nangondo linakatsikira m'munda wa mlongo wake.

Tsono nyumba ya malata imafuna malata, ndipo malata sathyola m'tchire. Yotamu anayang'ana m'khola. "Inu ntchito yanu inali ya zitosi," anaziuza mbuzi zija, "ndipo ntchitoyo yatha. Ndakuchotsani." Anazikusa zonse kupita nazo kwa anyamata ootcha kanyenya pa Mponela. Pobwerera anali atasenza malata, misomali ndi loko wamkulu ngati wa pasitolo ya mmwenye.

Nyumba inamangidwa, ndipo kunena zoona inali yokongola. Yotamu anamangirira kiyi pachingwe n'kuvala m'khosi pamodzi ndi nthekwe, kuti akamayenda ziziwombana anthu azimva. Anzake akamalawirira kumunda kukasosa ndi kupanga mizere, iye ankatenga kampando n'kukakhala m'mbali mwa msewu kudikira lole ya ku banki. Galimoto iliyonse ikatulukira ankaimirira n'kukonza kolala.

"A Yotamu, munda uja simuuyamba?" ankafunsa odutsa, makasu ali paphewa.

"Pitani, pitani mukathyole misana! Feteleza wa ku banki si masewera. Ameneyo ungathire pamsewu pano, mawa upeza chimanga chamera."

Tsiku lina akuphika tiyi m'khitchini, mwaye unamugwera m'kapu. Anayang'ana kudenga n'kuona mitolo ija ili lende. Mawu a Nangondo anawakumbukira ndithu, musaganize kuti anaiwala. Koma anadziuza kuti mkaziyo ananena zimenezo asanamve za banki. Mbewu yamakono ikubwera, ya m'pepala, yopaka mankhwala ofiira, ndiye chimanga chakuda ngati makala ichi n'chachiyaninso? Alendo a ku banki akadzasuzumira muno adzati muno mukhala mfiti.

Anatsitsa mitolo yonse n'kupita nayo kwa mayi wina wofulula masese. Loweruka lake anaitana amuna a m'mudzi kuti abwere ku mowa wotsazika umphawi. Anthu anabwera, nanga mowa waulere amaukana ndani? Anamwa, anavina, namutcha Yotamu bwana. Sandalamu yekha anakhala pambali, chipanda chili m'manja osamwa.

"Alamu," anatero, "chimanga chimene tikumwachi, si chija mlongo wanga anati..."

"Chomwecho! Mwachizindikira kukoma eti? Imwani, alamu, lero tikuika umphawi m'manda."

Ndipo anauikadi m'manda, kungoti sanadziwe kuti m'bokosimo munali chakudya chake cha chaka chamawa.

Okutobala atalowa, dzuwa likuswa mtengo, Nangondo anabwerera, mtima uli mbee poti Fanesi anachira bwino, mwana wamwamuna. Atafika pabwalo anaima. Pakhomo panali zii, osamveka ngakhale kambuzi kamodzi. Anazungulira kuseri, napeza pamalo pa manyowa paima nyumba ya malata. Analowa m'khitchini n'kukweza maso. Kudenga kunali zingwe zokhazokha.

Ana inu, apa musaseke. Mayi uja anakhala pansi paphulusa pomwepo n'kulira ngati kwagwa maliro. Mbuzi akanapirira, manyowa akanapirira, koma mbewu ija inali dzanja la amayi ake limene linatsala pakhomopo. Ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti mvula ikagwa alibe choti aponye m'nthaka.

Yotamu anafika akuwomba kiyi pachifuwa. "Usalire, Nangondo. Ukulira chimanga cha mwaye? Taona ichi." Anamuonetsa kiyi uja.

"Bambo a Fanesi," anatero Nangondo akupukuta misozi ndi chitenje, "kodi mu Febuluwale tidzaphika kiyiyo?"

"Mawa a banki akubwera. Udzandipepesa wekha."

Kunacha. Yotamu anavala jekete la ukwati, lija linasiya kumukwana kalekale, nasesa pakhomo pa nyumba ya feteleza mpaka kuwaza madzi. Fodya m'nthekwe anali atatsala wongotsina kamodzi, poti ndalama zonse zinathera ku malata, ndipo anamusunga kuti adzakoke akadinda chala. Dzuwa lili pamutu njinga yamoto inalira, mayi Kambewa anatsika, anthu a m'kalabu ali pambuyo pawo, Sandalamu ali kumapeto monga mwa masiku onse.

"Takulandirani, bwana!" anafuula Yotamu. "Ine ndine nambala wani pa mayina aja. Bwerani muone kumene katundu wanu adzagone."

Anatsegula loko mwaulemu, nakankha chitseko. Mayi Kambewa anasuzumira m'kati mopanda kanthu muja.

"Nyumba yabwino, bambo. Tsono tiyeni kumunda."

"Kumunda? Kukatani, bwana, dzuwa lonseli?"

"Kukaona mizere."

Anapita. Munda wa Yotamu unali monga anausiyira pokolola: mapesi ali ngundangunda, chisoso chouma chikumata m'masokosi a mlendo, mzere ngakhale umodzi wa mankhwala panalibe. Kutsidya kwa malire, munda wa Sandalamu unali utagona bwino, mizere yowongoka, nthaka yakuda ndi manyowa okwiriridwa kale.

"Chabwino," anatero mayi Kambewa, akuchotsa chisoso pasiketi. "Mizere munthu akhoza kupanga akalimbika. Manyowa anu ali kuti?"

Yotamu anaseka, natembenukira anthu kuti aseke naye. Palibe anaseka.

"Bwana, mukundiyesa eti? Zonyansa zimenezo ndinachotsa mutangochoka ulendo uja. Ndinapatsa alamu angawa, ngolo ndinalipira ndekha. Mbuzi zomwe ndinagulitsa, kuti pasapezekenso chitosi pakhomo panga. Mbewu yachikale tinamwa. Ine, bwana, ndine mlimi wamakono kuyambira kumutu mpaka kuphazi."

Mayi Kambewa anapukusa mutu. "Bambo, kodi pamsonkhano paja munalipo?"

"Woyamba kulembetsa!"

"Nanga simunamve pamene ndinati amene ali ndi manyowa ndi mizere ndiye adzalandire ngongole, wopanda zimenezi ayi?"

Yotamu anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana mlamu wake.

"Alamu! Bwanji simunandiuze?"

"Alamu," anatero Sandalamu, "ndinati..."

"Simunanene kanthu!"

Anthu anaphulika kuseka, ena mpaka kugwira m'mimba. Nangondo yekha sanaseke, anangofunda chitenje kumutu.

Apa Yotamu anaona kuti madzi afika m'khosi. Thukuta linayenderera m'jekete muja. Anatsegula nthekwe, nagogoda pachikhatho, natsina fodya wotsiriza uja kuti alimbitse mtima. Dzanja linanyamuka kupita kumphuno, koma lili m'njira, nkhani inamufika pakamwa.

"Bwana, tamverani. Inu ndinu mayi, muli ndi chifundo. Taonani nyumba ija. Kodi m'mudzi muno alipo wina amene walemekeza banki ngati ine? Taonani kum'mawa uku, taonani kumadzulo uku..."

"Bambo a Fanesi, kokani kaye fodyayo!" anakuwa Nangondo.

Mochedwa. Kamvuluvulu wa mu Okutobala, uja amanyamula mapesi ndi nkhuku zomwe, anadzuka pakati pa munda wosalimawo, nazungulira kawiri, nadutsa padzanja la Yotamu. Fodya yense anakathera kumaso kwa mayi Kambewa.

Mayi aja fodya anali asanamulaweko chibadwire. "Etsi!" Magalasi anagwa. "Etsi! Etsi!" Misozi ili chuchuchu, chipewa chapita uko. Yotamu anathamangira kuti awapukute ndi mkono wa jekete, jekete lija n'kung'ambika kumsana kuti kwee! Mayiwo anamukankha, natola magalasi awo, naloza Sandalamu ali chiyetsemulire.

"Inu... etsi!... bwerani mudinde chala. Awa... etsi!... chaka chamawa, akadzaphunzira kumva."

Sandalamu anadinda. Njinga yamoto inalira, ndipo anthu ankamvabe "etsi, etsi" mpaka inakafika kumsewu waukulu. Yotamu anatsala ataima pakati pa chisoso. Mosadziwa anakweza zala zija n'kukoka ndi mphamvu. Anakoka mphepo yokhayokha.

Lole imene anaidikira nthawi yonse ija inabweradi. Inadutsa pakhomo pake, fumbi n'kumuthira kumaso, n'kukaima kwa Sandalamu. Madzulo ake Sandalamu anafika akukanda m'mutu.

"Alamu, kanyumba kanga kamadontha. Ndimati mwina matumba anga..."

Choncho nyumba ya malata ija inalandiradi feteleza wa ku banki, monga mwini wake ananenera. Kungoti feteleza anali wa eni ake, ndipo Yotamu ndi kiyi wake m'khosi anasanduka mlonda wosalipidwa.

Mvula itagwa, panalibe kuchitira mwina. Mwamwayi Sandalamu naye anali ndi mbewu ya makolo yomwe ija ya amayi awo, ndipo poti chaka chimenecho anadzala yamakono, yakaleyo inatsala kudenga. Nangondo sanalole kuti mwamuna wake aipatsidwe ulere. "Achimwene," anatero, "musawapatse. Aigwirire ganyu, kuti adziwe kulemera kwake." Ndiye bwana Yotamu, amene anaika umphawi m'manda, ankalawirira kukapalira m'munda wa mlamu wake, chimanga chobiriwira ndi manyowa a mbuzi zake zomwe, malipiro ake n'kukhala chimanga chakuda ndi mwaye. Kwawo anadzala mochedwa, panthaka yanjala. Febuluwale wa chaka chimenecho anawawa, ana inu. Nkhokwe itatha, kumunda kunalibe chimanga chachiwisi choti athyole, kukhola kunalibe mbuzi yoti agulitse. Anagona ndi phala la gaga masiku ambiri, ndipo Fanesi atabwera kudzaonetsa mwana, panalibe ngakhale nkhuku yoti amuphere. Tsiku limenelo Yotamu anachita manyazi mpaka anakabisala m'nyumba ya feteleza.

Tsiku lina ali pa ganyu paja, dzuwa litakwera, awiriwo anakhala pamthunzi kuti apume. Yotamu anali asanaone fodya chichokere mayi Kambewa. Sandalamu anatulutsa kabotolo kake, nagogoda pang'ono pachikhatho cha mlamu wake.

Abale! Yotamu sanathokoze, sanayang'ane kum'mawa kapena kumadzulo. Anatchinga ndi dzanja linalo, naweramira pansi, fodya yense n'kulowa m'mphuno kamodzi n'kamodzi, mpaka misozi inalengeza.

"Alamu," anayamba Sandalamu pang'onopang'ono, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirire m'mudzimo, Yotamu anakhala chete mpaka munthu anamaliza mawu ake. "Alamu, lero bwanji mwakoka musanayambe nkhani?"

Yotamu anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja, nayang'ana chimanga cha mlamu wake chikugwedezeka ndi mphepo, nagwira kiyi uja m'khosi.

"Alamu," anatero, "fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo."